Nyumba Yosapempha ya a Soko

Pamene imakwana faifi koloko m'mawa, Delia anali kale kudambo, beseni lili pansi, akutola ndowe za njati ndi chibenthu cha lata. Njatizo zinali zitangowoloka kubwerera kutsidya kwa Luangwa ndipo ndowe zinali zikadali zofunda. Ankatola uku akuponya maso ku mitengo ya tsanya, poti pagulu la njati sipalephera nkhalamba imodzi yotsalira m'mbuyo, yosafuna kuonedwa ndi munthu. Unali mwezi wa Okutobala, chaka chachinayi cha ufulu. Tsiku limenelo kunkabwera ofesala wa boma kudzayesa nyumba ya amuna ake, ndipo dzenje la kuseri kwa nyumbayo linayenera kukhuta mlendoyo asanafike.

Ku Kakumbi aliyense ankamudziwa Delia, koma mukanafunsa kuti ndi munthu wotani, ambiri akanangoti, "Ndi wofatsa," n'kusintha nkhani. Anabadwira pomwepo, pamudzi wa amayi ake, ndipo mwa abale ake onse ndi iye yekha amene sanachoke. Sukulu anangoilawa, kenaka anamutulutsa kuti azikaingitsa mbalame m'munda wa mapira. Mwana anali naye mmodzi, Paskale, amene anali kusukulu yogonera komweko kumtunda. Amayi ake pomwalira sanasiye mbuzi kapena nsalu yoti anthu akanganirane. Anasiya mapira ofiira, aafupi, ocha msanga, amene munthu amakolola njovu zisanazolowere njira ya kumunda. Kale mabanja ambiri anali nayo mbewu imeneyi, koma njala ya chaka china inawadyetsa, ndipo inatsala kwa Delia yekha. M'nyengo yozizira imene inali itangothayi, njovu zinaphwasula nkhokwe yake n'kudya zonse. Chimene chinapulumuka ndi mitolo ya ngala imene anapachika kutsindwi, pamwamba pa malo ophikira, monga ankachitira amayi ake. Ufa ankagula ndi malipiro a amuna ake, koma mbewu ija sinali ya m'sitolo. Mvula ikagwa, munda wake wonse unali mitolo imeneyo.

Amuna ake, a Onesmus Soko, anali Mngoni wa kumtunda, kwa eni ng'ombe. Anatsikira kuchigwa ngati mlangizi wa chitukuko, atatenga njinga, chipewa ndi mawu ambiri. Atakwatira Delia anamanga pamudzi wa mkazi monga amachitira Akunda, eni chigwacho, ndipo ukamwini unkawayabwa ngati chitedze. Kubwereka nkhwangwa kwa achibale a mkazi, kufunsa pomanga khola la nkhuku, zonsezo kwa iwo zinali minga. Tsono pamene anapita kukachita maphunziro ku Foti Jemisoni, kumene masiku amenewo anthu anali akuphunzira kukutchula kuti Chipata, n'kubwerako ndi kabuku konena za nyumba yodzipangira moto wake, anthu ankaganiza kuti bamboyo wagwidwa ndi mzimu wa kudzidalira umene unkalalikidwa pawailesi. Mwina unalipo pang'ono. Koma chachikulu n'chakuti anali atapeza njira yokhalira pamudzi wa eni popanda kunena kuti "ndithandizeni".

Kuseri kwa nyumba anakumbitsa dzenje lakuya kuposa msinkhu wa munthu. Okumba anali adzukulu a pamudzipo, ndipo malipiro awo anali mowa umene anafulula Delia. Dzenjelo analimanga ndi njerwa n'kuvundikirapo mgolo wachitsulo. Mkatimo munkalowa ndowe zosakaniza ndi madzi. Ndowe zikawola zinkatulutsa gasi, gasi n'kukweza mgolo, n'kudutsa m'paipi mpaka pachitofu ndi panyali. Pambali pa denga anamanga nsanja n'kuikapo chitini chakuda kuti dzuwa lizifunditsa madzi osamba, m'chigwa momwe madzi amafunda okha ali mumtsuko. Lamulo la nyumbayo linali limodzi, ndipo a Soko ankalinena kwa aliyense wodutsa: chimene nyumba ikudya, nyumba ipange yokha. Nkhuni ayi, palafini ayi, machesi ayi. Poyatsa chitofu anali ndi kagalasi kochokera m'zoonera patali zosweka, kamene ankasonkhanitsa nako dzuwa pa kaudzu kouma. Tsiku la mitambo banja linkadya mtedza wauwisi mpaka kumwamba kutachita chifundo. Khitchini yakale, ya mafuwa atatu, anaigwetsa okha, ndipo pa ntchito yonse ya nyumbayo ndi yokhayo imene anaigwira ndi manja awo mpaka kumapeto.

Chimene kabuku sikananene, ndipo a Soko sanafunse, n'chakuti dzenje lotere analipangira anthu okhala ndi ng'ombe m'khola. Kuchigwa kulibe ng'ombe, kashembe salola. Paja amati safunsa anadya phula, koma pano wosafunsa anali wina, wodya phula analinso wina. Anayesa zitosi za nkhuku ndi za mbuzi, sizinakwane. Anayesa ndowe za njovu, paipi inatsekeka ndi timitengo ndi nthangala. Pomaliza a Soko anakumbukira njati, ndipo anasangalala ngati kuti ndi iwo anazilenga.

"Ng'ombe zaulere, amake Paskale," anatero. "Zosafuna m'busa, zosafuna dibi."

Zinali zoona. Zinalinso zosagona m'khola. Choncho kuyambira pamenepo Delia ankadzuka kusanache kukazilondola kumene zadyera, n'kusenza beseni kubwera nalo kunyumba. Akatula ankapita kumtsinje kukatunga madzi osakanizira, poti dzenje linkamwa kuposa anthu ake. Kenaka ankavundula phalalo ndi mtengo wotalika ngati munsi, n'kukapa zowola kale kukataya kumunda. Nkhuni za tsanya zimene ankatola kale zinali pafupi, zouma, zosanunkha, ndipo mtolo umodzi unkakhala masiku. Koma nkhuni zinali zachikale.

Panali chinanso chimene nyumbayo inadya osabweza. Pamudzi pamenepo moto unkayenda m'phale. Mayi akapeza kuti pamafuwa pake pazima, ankatenga phale n'kupita kwa mnzake kukapala moto, ndipo pamodzi ndi makalawo ankatengako za amene wadwala, amene wachira, ndi kumene mvuu zalowa m'dimba. Woyandikana ndi Delia anali msuweni wake Martina, amake Ketty, mkazi wa a Meshack a gemu, olondera nyama za m'tchire. Chitofu chitangoyamba kugwira ntchito, Martina anabwera ndi phale lake n'kupeza a Soko pakhonde.

"Odi. Mwaswera bwanji, alamu? Ndipaleko moto, wanga wazima ndili kumtsinje."

"Muno mulibe moto wa m'phale, alamu. Muno muli gasi."

"Ndiye ndithirireni gasiyo m'phalemu."

"Mukuseka, koma ndiye vuto lathu limeneli. Dziko lalandira ufulu, inu mukadayenda khomo ndi khomo ndi chigoba cha mphika. Nyumba ino sipempha, ndipo siphunzitsa anthu kupempha."

Martina anayang'ana Delia, amene ankatsuka mbale chapafupi. Delia anamva maso a msuweni wake pamsana, koma sanatembenuke. Anapitiriza kukwecha mbale imene inali itayera kale.

"Chabwino," anatero Martina. "Tsiku lina mudzadzikumbire nokha manda ndi gasi wanuyo."

Kuyambira tsikulo palibe mayi amene anaponda pabwalo la Delia ndi phale. Moni ankapatsana panjira, wa pakamwa pokha. Mwana wa kuseri kwa mudzi anabadwa mpaka kutuluka m'chikuta Delia asanamve.

M'mawa wa tsiku la ofesala, Delia akubwera ndi beseni lomaliza pamutu, anakumana ndi Martina akupita kumtsinje.

"Ng'ombe za alamu zagona bwanji?" anafunsa Martina osaima.

"Zagona bwino," anayankha Delia, ntchentche zikumuperekeza.

Galimoto ya boma inafika cha m'ma teni koloko. Munatsika a Fabian Mubita, Mlozi wamtali wa malaya oyera, amene Chinyanja chake chinali cha m'tauni ndipo Chikunda sankachimva n'komwe. Delia anali atasamba, atavala chitenje chatsopano, ndipo anauzidwa kuti aime pafupi ndi chitofu kuti mlendo aone mayi wamakono.

Kunena zoona, a Mubita ntchito yawo ankaidziwa. Anazungulira nyumba kufunafuna mulu wa nkhuni, sanaupeze. Anapita kudzala n'kutokosa ndi ndodo kuti aone ngati muli phulusa, munalibe. Ananunkhiza nyali kuti amve palafini. Anagwada n'kusuzumira pansi pa bedi. Munthu wobisa kamtengo ka machesi m'nyumba imeneyo akanagwidwa. Koma pamutu pa Delia, pamene nkhata inali itametapo tsitsi, sanayang'anepo, poti m'malangizo awo munalibe mutu wa munthu.

"Nanga ndowe zimachokera kuti?" anafunsa.

"Zaulere, bwana. Njati zimasiya zokha."

"Pafupi?"

"Pafupi pomwepa," anatero a Soko akuloza ndi chibwano, monga amalozera munthu kumalo kumene sanapiteko.

"Ndiye kuti amayi apumula tsopano."

"Apumuliratu, bwana. Nkhwangwa anaiwala kagwiridwe kake."

"Si choncho, mayi?"

"Inde," anatero Delia.

Kuyesa komaliza kunali kwa mwaye. A Mubita anatulutsa mpango woyera m'thumba, anaumanga kunsonga kwa ndodo, n'kuyamba kupukuta mapaso a denga pamwamba pa chitofu. Ankati ngati m'nyumba munayakapo nkhuni ngakhale tsiku limodzi, mpango unena. Ndodo inayenda phaso ndi phaso mpaka inagunda mtolo wa ngala. Kutsindwi kunatsika fumbi lofiirira, losalala ngati ufa, n'kugwera pamalaya oyera aja. M'fumbimo munali tinthu takuda tikuyenda.

Delia anaona anankafumbwe akukwawa paphewa la ofesala. Anali atapachika ngalazo pamalo ake enieni, pamwamba pa mphika, monga anaonera kuyambira ali mwana. Sanaganizepo kuti chosunga mbewu sanali malowo ayi, unali utsi. Nayenso sanafunse. Ndani amafunsa utsi ntchito yake? Zaka zonsezo unkangokwera kutsindwi mwakachetechete n'kuthamangitsa tizilombo, anthu akuutukwana chifukwa choliritsa maso. Ndipo miyezi yonseyi, mutu uli pansi pa beseni, Delia sanapeze tsiku loyang'ana kumwamba.

"Izi n'chiyani?" anafunsa a Mubita akudzikuntha.

"Zachikale za amayi, bwana. Pepani kwambiri. Tichotsa lero lomwe," anatero a Soko.

"Muchotse. Anthu akabwera kudzaphunzira asamaone zinyalala kudenga."

Anamasula mpango n'kuukunkhumula, n'kuuonetsa kuwala. Mwaye munalibe. A Soko anamwetulira mpaka mano a m'kati.

Tsopano kunatsala tiyi, woti aphikidwe mlendo akuona. A Soko anatuluka ndi kagalasi kawo, anayatsa kaudzu, n'kubwera nako akutchinga ndi dzanja ngati wansembe. Chitofu chinayaka, koma lawi lake linali laling'ono, lonjenjemera, poti ndowe za m'mawa uja zinali zisanayambe kuwola. Ketulo inakhala duu. A Soko anayang'ana akazi awo n'kukweza nsidze. Delia anadziwa tanthauzo lake, poti sikanali koyamba. Anatuluka mwakachetechete, anapita kuseri, anakwinya chitenje chatsopano chija n'kukhala pamwamba pa mgolo kuti kulemera kwake kukankhe gasi m'paipi. Chitsulo chinali chitatentha ndi dzuwa la Okutobala. Ali pamenepo ankamva mawu a amunawo kudzera pawindo.

"Aa, onani mphamvu yake," ankatero a Mubita. "Popanda munthu kuchita chilichonse."

"Sayansi, bwana."

Anakhalabe pamgolopo mpaka anamva masupuni akulira m'makapu.

Pochoka, a Mubita ananena chigamulo chawo ataimirira pakhomo la galimoto. Nyumba yakhoza mayeso oyamba. Adzabweranso mvula ikatha, ndipo ngati pabwalo ponse sipadzapezeka phulusa kapena chikuni, boma lidzakhoma chikwangwani panjira, midzi ina idzabwera kudzaonera, ndipo a Soko adzakhala mphunzitsi wa nyumba zotere chigwa chonse. Anagwirana chanza ndi a Soko kawiri. Kwa Delia anagwedeza mutu n'kunena kuti ali ndi mwayi.

Fumbi la galimoto lisanathe, Delia anakwera pamtondo n'kutsitsa mitolo yonse. Anaiyala pamphasa pansi pa mtengo n'kuyamba kufikisa ngala imodzi imodzi m'manja. Zambiri zinkangophwanyika n'kusanduka gaga. Popeta, mphepo inatenga pafupifupi zonse, ndipo nkhuku zinabwera kudzadya anankafumbwe. Koma m'kati mwenimweni mwa mitolo, momwe chingwe chinamanga zolimba, munali ngala zochepa zimene njere zake zinali zikadali zolimba akaziluma. Zonse pamodzi zinakwana m'lichero limodzi, osadzaza. Zikanatha kubzala kachigawo ka munda, kokwanira kuti mbewu isafe, ngati zikanafika nthawi ya mvula. Koma tizilombo tinali kale m'katimo, ndipo mvula inali ikadali kutali. Zinkafunika phulusa lero lomwe ndi utsi tsiku lililonse.

Anaimirira n'kuyang'ana bwalo lake lonse. Linali loyera, losesedwa, lopanda ngakhale phulusa lodzaza chikhatho.

A Soko anali pakhonde, atavula nsapato, akupukuta kagalasi kawo.

"Atate ake Paskale, mbewu yafumbwa."

"Ndaona. Mwandichititsa manyazi pamaso pa bwana."

"Yatsalako pang'ono. Ikufuna utsi. Ndikoleze kamoto kuseri kwa mtengo uko, kakang'ono."

"Simunamve zimene anena? Pabwalo ponse. Munthu uja amatokosa ndi kudzala komwe."

"Phulusa ndizikataya kumtsinje."

"Ndiye ndikhale wabodza? Ine ndinanena kuti nyumba ino sidya cha kunja, ndipo sidya. Musadandaule ndi timapira timeneto. Boma likubweretsa chimanga chamakono, ndidzakutengerani thumba lathunthu."

"Chimanga chimacha njovu zitabwera kale."

"Za njovu n'za a gemu. Aliyense ndi ntchito yake."

Delia anawayang'ana amuna ake kwa kanthawi. Sanali munthu woipa. Sankamwa mpaka kugwa, sankamenya, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti nyumba yawo imadzidyetsa yokha, monga mwana amakhulupirira kuti madzi amachokera mumtsuko. Mawu anabwera pakamwa pake okumbutsa bamboyo kuti dothi limene anakumbapo dzenje linali la amayi a yani, koma anawameza. Mawu amenewo akanabala mlandu wa masiku ambiri, ndipo anankafumbwe sadikira mlandu.

Anapita pamene panali khitchini yakale. Mafuwa anali akadali pomwepo, atamera udzu, ndipo pakati pa zibuma anapeza phale la mphika wa amayi ake. Analipukuta ndi chitenje, analiika pamwamba pa ngala m'lichero, n'kusenza.

"Mukupita kuti?" anafunsa a Soko.

"Kukapempha."

"Amake Paskale, nyumba ino sipempha."

"Nyumba ikhale pomwepo. Ndikupita ndine."

Kwa Martina kunali pafupi, kungodutsa khola la nkhuku ndi mtengo wa bwemba, koma Delia anali asanapondeko chiyambire nyengo yozizira. Dzuwa linali litapendeka. M'khitchini ya Martina munkatuluka utsi kudzera mu udzu wa denga, ndipo Delia atawerama pakhomo unamulowa m'maso mpaka misozi. Kutsindwi kunali bii, mwaye ukulendewera, ndipo pakati pa mwayewo panapachikidwa ngala za chimanga, nyemba ndi mawere, zonse zakuda ndi zamoyo.

"Odi."

Martina ankasenda maungu. Anakweza maso, anaona lichero, anaona phale, n'kubwerera ku maungu ake.

"Alendo ochokera ku boma. Mwaswera bwanji, a sayansi?"

"Ndaswera. Kaya inu?"

"Ife a zigoba za miphika taswera. Ndamva kuti mwakhoza mayeso. Ndinakuonaninso muli pampando wachifumu kuseri kuja, ndinati ndikuombereni m'manja."

"Unkatentha," anatero Delia.

Martina anafuna kuseka koma anadzigwira. Anaika mpeni pansi, anatambasula dzanja n'kutenga ngala imodzi m'lichero. Anaiyang'ana, anaifikisa pang'ono, fumbi lofiira linatsalira pazala zake.

"Awa si mapira a azakhali?"

"Ndi omwewo."

"Onse ndi awa?"

"Onse."

Martina sananenenso za sayansi. Anasuntha pamphasa kusiya malo, koma sanaitane. Ankadikira, ndipo Delia anadziwa chimene ankadikira, poti tsiku lija pakhonde ndi iye amene anakhala chete. Anatula lichero, anagwada pafupi ndi mafuwa, n'kuika phale patsogolo pa msuweni wake.

"Amake Ketty, tsiku lija ndinamva zonse ndipo sindinatembenuke. Lero ndabwera ndi phale. Mundipatseko phulusa la pamoto panupa ndithire m'mbewuyi, ndipo ngala izi mundipachikire kutsindwi kwanu, pafupi ndi nyemba zanuzo, zikhale mu utsi mpaka mvula. Nkhuni zake ndizibweretsa ndine."